Vidiyo yanu yabedwa pa intaneti? Umu ndi mmene mungaichotsere, nzeru zake tazitapa kwa a mafilimu olaula

Ndikudziwa ena mwangoona mawu oti olaula nde mwakwinya kale nkhope, dikirani kaye abale. Sindikukuuzani zoti muzionera kapena kupanga zimenezo, paja kwathu kuno kupanga ndi kugawa zolaula ndi mlandu ndipo apolisi amamanga ndithu. Nkhani ndi yoti ndikukayika ngati pali bizinesi ina yomwe inaberedwa pa intaneti kufika pomwe anaberedwa anthu amenewa ku America, ndiye chifukwa choti analira nthawi yayitali anayesa njira iliyonse, ina inagwira, ina inawadyera ndalama zankhaninkhani, ina mpaka inatsekeretsa maloya kundende. Ndiye iwe wa nyimbo, wa sewero, wa comedy, wa ma tutorial ophika kaya osoka, amene wadzuka mmawa nkupeza vidiyo yomwe unagulitsira mbuzi kuti ujambule ili pa tchanelo cha munthu wina ndipo ma views akudya iyeyo, palibe chifukwa choyambira pa ziro, njira anaiponda kale anzathuwa.

Pang'ono chabe za mmene zinayambira kuti mumvetse chifukwa chake lamulo lili chonchi. Kale ndalama zawo zinali pa ma DVD, ma studio ambiri anali ku San Fernando Valley ku Los Angeles. Kenako 2006 kunabwera YouPorn, 2007 Pornhub yochokera ku Montreal, ma webusaiti oti aliyense amangokweza vidiyo ina iliyonse ngati pa YouTube, anthu nkuyamba kukweza mafilimu a eni ake athunthu, ogula DVD anatha ngati makatani. Eni mafilimu anathamangira kukhoti akuganiza kuti mlandu ndi wophweka koma anakagunda khoma lotchedwa DMCA, lamulo la ku America la 1998. Lamuloli limati webusaiti ilibe mlandu pa zomwe anthu akweza bola ikauzidwa ichotse mwachangu komanso izithamangitsa anthu obwereza kuba. Kampani ya zolaula ya Io Group inasumira webusaiti ya mavidiyo ya Veoh nkuluza mu 2008 chifukwa cha lomweli. Perfect 10, ya magazini a zithunzi, inalimbana ndi Google, Amazon, ngakhale Visa, mapeto ake pa mlandu womwe inasumira kampani ina yotchedwa Giganews khoti linailamula kuti ilipire ndalama za maloya a mnzakeyo zoposa 5 miliyoni dola, kampani nkugwa. Apa ndi pomwe pali mutu wonse wa nkhani: lamulo linaika ntchito yolondera pa mutu pa mwini vidiyo. Palibe amene akuyang'anireni. Mukapanda kulemba kalata vidiyo ikhala pompo mpaka Yesu adzabwere, mukalemba bwino ma webusaiti akuluakulu amachotsa chifukwa akuopa kutaya chitetezo chija. Ndipo simukuyenera kukhala mu America kuti mulembe, muli ku Area 25 kaya ku Chipata kalata yanu imagwira chimodzimodzi chifukwa YouTube, Facebook, Google onsewa ndi makampani a konko.

Musanalembe kalikonse dzifunseni kaye, kodi vidiyoyi ndi yangadi pa pepala? Funso looneka lopusa koma ndi pomwe ambiri timagwera. Copyright, umwini wa luso uja, imabadwa yokha mukangomaliza kupanga chinthu, simufunika kulembetsa kuti ikhalepo, ndipo Malawi ali mu pangano la Berne ndiye umwini wanu umadziwika m'mayiko ambiri. Vuto ndi loti mwini wake nthawi zambiri ndi amene wapanga, osati amene akuoneka pa sikirini. Munaitana mnyamata wa kamera, munamupatsa ya transport ndi ya fanta, simunalembe chilichonse, tsiku lina adzakuuzani kuti vidiyo ndi yake ndipo mudzasowa poyambira. Beat munatenga kwa producer mwa pakamwa, iyenso anaigulitsa kwa anthu ena atatu. A zolaula aku America pa nkhani ya mapepala ndi akatswiri olo simungakhulupirire, aliyense wooneka mufilimu amasainira pepala lopereka chilolezo ndipo lamulo lomwe amangolitchula kuti 2257 limawakakamiza kusunga makope a ziphaso zotsimikiza zaka za aliyense, ndiye ikafika nthawi yotsimikiza umwini amangotsegula fayilo. Inunso pangani chomwecho, tsamba limodzi lokha likukwana: dzina la ntchito, ndani walipira, ndani mwini wake, tsiku, ma siginecha, mboni imodzi. Sungani ma raw files, project ya editing, ma risiti a studio, olo ma meseji a pa WhatsApp omwe munagwirizana mtengo. Kopani pa hard drive ina osati pa foni pokha, foni imabedwa pa depoti. Ndipo ngati muli ku Malawi kalembetseni ku COSOMA, bungwe loona za copyright, lilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo lomwe likugwira pano ndi Copyright Act ya 2016, kukhala membala kumathandiza pa ma royalty komanso tsiku la mkangano muli ndi poloza.

Chachiwiri ndi chidindo pa vidiyo, watermark ija. Osaika kalogo kakang'ono pakona basi, akubawo amangodula mbali kapena kuphimba ndi logo yawo. Ikani dzina lanu kapena la tsamba lanu mozimiririka chapakati pang'ono, kapena lizisuntha malo pakapita masekondi angapo. Atsikana ndi anyamata ogulitsa zinthu zawo pa OnlyFans, webusaiti ya ku London yomwe inayamba 2016 ndipo imadula 20 peresenti pa ndalama zawo, anaphunzira kuti amene amatulutsa zinthu si hacker wa patali ayi, ndi kasitomala yemwe walipira, ndiye ena amaika chizindikiro chosiyana pa kope ya wogula aliyense. Nzeru imeneyi ndi yomwe ndimaikonda kwambiri chifukwa ikugwirizana ndi mmene timagulitsira kwathu. Ngati mumatumiza filimu kapena kosi yanu pa WhatsApp munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ikani kanambala ka wogulayo penapake mu vidiyo, 014, 015, choncho, nkulemba mu kope kuti 014 ndi ndani. Zimatenga nthawi eya, export iliyonse ndi magetsi athu omwewa, koma tsiku lomwe vidiyo idzapezeke pa gulupu mudzadziwa khomo lomwe inatulukira, ndipo kungowauza ogula kuti kope iliyonse ili ndi nambala kumachepetsa dyera.

Tsopano kusaka. Lembani pa Google dzina lanu ndi dzina la vidiyo nkuonjezera mawu ngati download, mp4, free, full, leaked, yesaninso ma spelling olakwika chifukwa okuberani samalemba bwino dzina lanu. Tcherani Google Alerts pa dzina lanu kuti izikutumizirani imelo. Tengani chithunzi cha thumbnail muchisake ndi Google Lens kapena TinEye. Sakaninso mkati mwa YouTube, Facebook, TikTok ndi Telegram mwenimwenimo. Mukapeza, chonde chonde musayambe ndi kutukwana mu ma comment kapena kuitana mafani anu kuti akamuthire mawu, munthuyo angokupangani block, asintha dzina la vidiyo, umboni wathawa. Yambani mwatenga sikirinishoti yooneka dzina la akaunti, tsiku ndi ma views, kenako kopani linki yeniyeni ya vidiyoyo. Ndikubwereza, linki ya vidiyoyo osati ya tsamba lonse, kalata yongoti pa webusaiti yakuti pali zinthu zanga amaitaya osawerenga nkomwe. Tsegulani ka spreadsheet kapena kope wamba: linki, tsiku lomwe mwaipeza, tsiku lomwe mwalemba, kwa ndani, ayankha chani. Zooneka zotopetsa koma ndi kope imeneyi yomwe imasonyeza kuti munthu uyu ndi wobwerezabwereza.

Kalata yake ija amati takedown notice si yovuta ndipo sifunika loya. Lamulo limafuna zinthu zisanu ndi chimodzi, chikasowa chimodzi akhoza kuibweza osachotsa kanthu. Mutchule ntchito yanu yomwe yabedwa ndipo ngati ili penapake movomerezeka ikani linki yake kuti afananize. Muike linki kapena ma linki a kope yobedwayo. Muike dzina, adiresi, foni ndi imelo yanu. Mulembe kuti mukukhulupirira ndi mtima woona kuti simunapereke chilolezo ndipo lamulo silikulola, pachizungu mawu omwe amawayang'ana ndi akuti good faith belief. Mulembe kuti zomwe mwanenazo ndi zoona ndipo ndinu mwini kapena mwatumidwa ndi mwini, apa mawu ake ndi under penalty of perjury, kutanthauza kuti mukulumbira ngati kukhoti. Pomaliza siginecha, kungolemba dzina lanu lonse pansi kumakwana. Basi. Osaikamo nkhani yoti munavutika bwanji, ana anu akugona ndi njala, Mulungu adzaweruza, amene akuwerengayo ali ndi makalata mazana patsiku ndipo nthawi zina ndi makina, akufuna ma linki.

Koma chenjezo limodzi lomwe anthu a zolaula analiphunzira mowawa: zomwe mwalemba mu kalatayo sizibisika. YouTube ndi Facebook amatha kupereka dzina ndi imelo yanu kwa amene mwamudandaulayo, ndipo Google imatumiza makope a makalata ambiri ku nkhokwe ya Lumen yomwe aliyense angawerenge. Kwa munthu wogwiritsa dzina la pa siteji amene sakufuna dziko lidziwe dzina lake lenileni ndi komwe amagona, zimenezi ndi zoopsa, nchifukwa chake ambiri a iwo amadutsira kwa agent kuti dzina looneka likhale la kampani. Inuyo tsegulani imelo ya bizinesi, gwiritsani P.O. Box kapena adiresi ya studio, kapena manager wanu alembe m'malo mwanu mutamupatsa chilolezo cholemba.

Nanga mukaitumiza kuti? Yambani pomwe pali pophweka. Pa YouTube lowani mu YouTube Studio pagawo la copyright pali fomu, mutha kusankha kuti achotse pompo kapena amupatse munthuyo masiku 7 achotse yekha asanalandire strike, ine ngati ndi mwana wongotengeka ndimasankha ya masiku 7, ngati ndi tchanelo chomwe ntchito yake ndi kudya thukuta la oimba nde pompo pompo. Ma strike atatu mkati mwa masiku 90 tchanelo chimatsekedwa, ndiye ngati wakuberani mavidiyo angapo kapena waberanso anzanu, uzanani aliyense alembe yake. Chongani kabokosi koti YouTube iziletsa makope ena a vidiyo yomweyo kukwezedwanso, anthu ambiri sakaona. Facebook, Instagram ndi TikTok ali ndi ma fomu awo a intellectual property, musasokoneze ndi batani wamba la report lija, kupanga report ngati spam olo mutakhala anthu 200 sikufanana ndi fomu imodzi ya mwini wake. Telegram ndi ovutirapo, amalandira madandaulo pa imelo yawo ya DMCA koma amangokhudza ma tchanelo ndi ma bot a poyera, zokambirana zamseri sakhudza, ndipo mungadikire.

Ma webusaiti ang'onoang'ono a download awa ndi pomwe pali ntchito. Pitani pansi penipeni pa tsamba muone ngati pali DMCA kapena Contact, tumizani pamenepo, apatseni masiku angapo. Akakhala chete musalimbane nawo, kwerani pamwamba pawo. Webusaiti iliyonse imachita lendi malo kwa kampani ya hosting, sakani dzina lake pa WHOIS kapena ICANN Lookup muone, kenako tumizani kalata yomweyo ku dipatimenti ya abuse ya kampaniyo. Kawirikawiri mupeza dzina la Cloudflare, amenewo si eni nyumba, ali ngati mpanda wongobisa nyumbayo, koma ali ndi fomu ya abuse ndipo amapititsa dandaulo kwa host weniweni, nthawi zambiri nkukuuzaninso kuti host wake ndani. Ena ma seva awo ali kumayiko komwe DMCA saiwerengera nkomwe, amachita kunyadira zimenezo, amenewo musataye nawo bandulo.

M'malo mwake pitani kwa Google. Ichi ndi chomwe ndingati ngati mulibe nthawi ya zonsezi pangani ichi chokha. Google ili ndi fomu yochotsera ma linki mu search chifukwa cha copyright, yaulere, mutha kuika ma linki ambirimbiri kamodzi. Vidiyo imakhalabe pa webusaiti ija koma munthu akasaka dzina lanu saipeza, ndipo anthu ambiri akapanda kuiona pa tsamba loyamba amangopita ku tchanelo chanu. Kuyambira 2012 Google imatsitsanso pansi ma webusaiti omwe alandira madandaulo ovomerezeka ambiri, ndiye kalata yanu ikuthandizanso anzanu. Bing nayo ili ndi fomu yake. Ndipo njira ina yomwe imaluma kuposa zonse ndi ya ndalama, taonani zomwe zinachitika December 2020: zaka zonsezo eni mafilimu akulira, koma New York Times italemba za mavidiyo a ana ndi a anthu ojambulidwa mosafuna omwe ankapezeka pa Pornhub, Visa ndi Mastercard nkuimitsa makadi awo, pasanathe sabata webusaitiyo inachotsa mavidiyo mamiliyoni a anthu osatsimikizika. Nkhani ija sinali ya copyright koma inaonetsa pomwe pali mtsempha. Ngati webusaiti yokuberaniyo ili ndi ma advert a Google kapena ikulandira ndalama kudzera pa PayPal, kadandauleninso kumeneko.

Munthu mwamuchotsera uja ali ndi ufulu woyankha, amati counter notice, akalumbira kuti munalakwitsa webusaiti imakuuzani ndipo pakadutsa masiku a ntchito 10 mpaka 14 musanasonyeze kuti mwakasuma kukhoti vidiyo imabwerera. Akuba enieni ambiri sayankha chifukwa ayenera kupereka dzina ndi adiresi yawo yeniyeni. Koma inunso musanamize, lamulo lomwelo lili ndi gawo lolanga wonama dala. Wina watenga masekondi khumi a nyimbo yanu nkumaidzudzula kapena kuiseka, zowawa eya koma ku America zimenezo zimatha kugwera mu fair use, gawo la lamulo lolola kugwiritsa kachidutswa ka ntchito ya wina pa zifukwa ngati zimenezo, ndipo kugwiritsa copyright potseka pakamwa anthu okunenani kumakubwererani. Komanso funsani kaye team yanu, zimachitika munthu kuchotsetsa vidiyo yomwe manager wake anapereka yekha kwa blogger kuti aikweze, manyazi ake osanena.

Mukatopa ndi kusaka pamanja, ndipo mudzatopa chifukwa mukachotsa imodzi mawa zamera ziwiri ngati bowa, pali makina. Content ID ya YouTube imasunga chidindo cha nyimbo kapena vidiyo yanu nkumafananiza ndi chilichonse chokwezedwa, woimba wamba amalowamo kudzera kwa ma distributor ngati DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo ubwino wake mutha kusankha kusachotsa koma ndalama za ma advert zizibwera kwa inu, pena wakubayo amasanduka wantchito wanu osadziwa. Bola beat ikhale yanu nokha, mukalowetsa ya lendi mudzayamba kulanda ndalama za anthu osalakwa nkutsekeredwa akaunti. Facebook ili ndi Rights Manager, mumachita kupempha. Palinso makampani olipidwa pamwezi omwe ntchito yawo ndi kusaka ndi kutumiza makalata, ngati Takedown Piracy ya Nate Glass yomwe inayambira ku mafilimu olaula komweko. Amalipiritsa ma dola ndiye ndi forex yathuyi werengani kaye, ngati vidiyo sikubweretsa ndalama yoposa bilu yawo pangani nokha Loweruka lililonse ola limodzi, makamaka masabata oyambirira chinthu chikangotuluka chifukwa ndi pomwe pali ndalama.

Za WhatsApp, ma memory card ndi ma burning centre a mumsika, tinene zoona DMCA sifikako. Meseji za pa WhatsApp kampani yake siziona. Apo ndi kuyankhula ndi admin wa gulupu mwaulemu koma molemba, kanambala ka wogula kaja, ndipo ngati wina akuchita kugulitsa ntchito yanu poyera nkhani ipite ku COSOMA ndi kupolisi muli ndi umboni mmanja. Komanso ganizirani mtengo wanu ndi kuphweka kwa kagulidwe, munthu amene akufuna kulipira koma mukumuyankha mawa lake amakatenga kwa mnzake.

Tsopano za khoti, pomwe ambiri mtima umathamangira. Makampani awiri a zolaula, Malibu Media ndi Strike 3 Holdings, asumira anthu masauzande ambirimbiri ku America, zaka zina milandu yawo yokha inkatenga gawo lalikulu la milandu yonse ya copyright m'dzikomo. Njira yake ndi iyi: pa BitTorrent, njira yogawirana mafayilo pa intaneti, ukamadawuniloda umakhalanso ukugawira ena ndipo IP address yako, nambala ya laini yako ya intaneti, imaoneka kwa aliyense, ndiye amailemba, nkusumira munthu wosadziwika dzina yemwe amangomuti John Doe, khoti nkulamula kampani ya intaneti kuti iulule mwini laini. Lamulo la kumeneko limalola chipukuta misozi cha 750 mpaka 30,000 dola pa filimu imodzi, kufika 150,000 ngati unachita dala, ndiye munthu akaona manambala amenewo kuphatikiza manyazi oti dzina lake lilembedwa pambali pa mitu ya mafilimu oterowo, amangolipira mwakachetechete olo akhale kuti anali mwana wa neba pa WiFi. Jaji Royce Lamberth wa ku Washington mu 2018 anakana pempho la Strike 3 nkuwadzudzula kolimba kuti akusandutsa khoti ngati ATM, ngakhale khoti la apilo linadzasintha chigamulocho mu 2020. Omwe anapyola malire ndi maloya a Prenda Law, John Steele ndi Paul Hansmeier, amenewa ankakweza okha mafilimu pa The Pirate Bay, webusaiti yotchuka ya BitTorrent, ena anachita kujambulitsa okha, nkumadikira anthu adawunilode kuti awaopseze, anatolera pafupifupi 6 miliyoni dola. Mu 2019 Hansmeier anagamulidwa zaka 14, Steele zaka 5. Ndiye inu mukamalemba kwa munthu amene wakuberani, nenani zomwe mukufuna, achotse kapena alipire laisensi, osati ndipatse 500 pin apo ayi ndikuyalutsa pa Facebook, pamenepo wolakwa mwasanduka ndinu. Ngati mukuonadi kuti ntchito yanu ili ndi msika ku America, kulembetsa ku US Copyright Office ndi 45 kapena 65 dola ndipo ndi komwe kumatsegula chitseko cha chipukuta misozi chija bola mulembetse msanga kuba kusanachitike kapena mkati mwa miyezi itatu chitulukireni, komanso kuyambira 2022 kuli kakhoti kakang'ono ka pa intaneti, Copyright Claims Board, kofika mpaka 30,000 dola, koma wosumiridwayo ayenera kukhala wa ku America ndipo ali ndi ufulu wokana kulowamo.

Abale athu muli kunja, mbali inayi ikukukhudzani, kalata yotere itha kugwa pakhomo panu makamaka ngati laini ya intaneti ili mu dzina lanu koma mnyumba mumakhala anthu asanu ndi mmodzi. Ku Britain kampani ya maloya ya ACS:Law inkatumiza makalata ofuna mapaundi mazana angapo, mu 2010 ma imelo awo anatayikira poyera nkuulula mayina a anthu masauzande pambali pa mafilimu omwe ankati anadawuniloda, kampaniyo inatseka 2011. Ku Germany mu December 2013 anthu masauzande ambiri analandira makalata ofuna 250 euro ati chifukwa choonera mavidiyo pa Redtube, khoti la ku Cologne linadzavomera kuti linalakwitsa polola kuti mayina awo aululidwe. Ndiye kalata si chigamulo. Yang'anani kaye ngati ndi yeniyeni: ya imelo yofuna Bitcoin kapena ma gift card pasanathe maola 48, yoti tinakujambulani pa kamera, imeneyo ndi ya akathyali, fufutani. Yeniyeni imabwera ndi nambala ya mlandu ndi dzina la khoti, kapena imachokera ku kampani yanu ya intaneti kukudziwitsani kuti dzina lanu lafunsidwa ndipo muli ndi tsiku lomaliza loyankha. Imeneyo osaiponya mu bin. Osaimbira foni maloya a mbali inayo kukafotokoza kuti mwina anali cousin, chilichonse mwanena ndi umboni, osasaina pepala lililonse lovomera, ndipo osayamba kufufuta zinthu mu kompyuta mlandu utayamba chifukwa khoti limaona ngati mwawononga umboni. Pezani loya wa za copyright, ku Britain yambani ndi Citizens Advice. Ku America khoti la apilo la Ninth Circuit linanena mu 2018 kuti kungokhala mwini laini sikokwanira kuti munthu ndi amene anaba, loya wanu adziwa pogwiritsa zimenezo.

Katsala kamodzi komwe sindingakasiye, chifukwa ma inbox a anthu ambiri nkhani yake si ya nyimbo ayi, ndi ya chithunzi kapena vidiyo yachinsinsi yomwe chibwenzi chakale kapena wokonza foni watulutsa. Ngati munadzijambula nokha copyright ndi yanu ndipo njira zonse zili pamwambazi zikugwira, koma pali zachangu kuposa apo zosafuna kuti dzina lanu lipite kwa wokuzunzaniyo. Facebook, Instagram, TikTok, X ndi Google onse ali ndi ma fomu apadera a zithunzi zogawidwa popanda chilolezo, sankhani amenewo osati a copyright. StopNCII.org ndi ya anthu a zaka 18 kupita mtsogolo, yaulere, chithunzicho sichichoka mu foni yanu, imangopanga kachidindo ka manambala nkutumiza ku makampani omwe ali nawo mu mgwirizano kuti chikakwezedwa chigwidwe, ndipo mutha kuchita izi munthuyo akungoopseza asanatulutse nkomwe. Ngati wojambulidwayo anali wosakwana zaka 18 imeneyo si nkhani ya copyright, ndi mlandu waukulu, osatumizira aliyense olo ati akufuna umboni, gwiritsani Take It Down ya NCMEC, bungwe la ku America loteteza ana, nkupita ku Victim Support Unit ya polisi. Wamkulu amene ali ku Malawi, chifukwa cha lamulo la zolaula lija, ndi bwino kuyamba mwaonana ndi loya kapena a Legal Aid Bureau kuti mukapite kupolisi muli ndi wokuperekezani. Wokuopsezaniyo musamutumizire ndalama olo 1 kwacha, sungani ma meseji ake onse ndi nambala yomwe akufuna mutumizepo ndalamayo, mukapita kwa loya muyambe kumuonetsa zimenezo.